Mmene mungapimire chilengezo chonena za uchigawenga

Mukamva boma kapena gulu lankhondo likunena anzawo kuti ndi zigawenga, yambani mwafunsa: anaphedwa ndani, asilikali kapena anthu wamba? Kenaka onani amene akulankhulayo. Mwachitsanzo, mu 1978 ndege za Rhodesia (dziko lomwe lero ndi Zimbabwe) zinaphulitsa msasa wa Chikumbi, pafupi ndi Lusaka, ponena kuti mukukhala zigawenga. Nelson Mandela, yemwe chipani chake cha ANC chinali ndi likulu ku Lusaka, anamuchotsa pamndandanda wa zigawenga ku America mu 2008.

Munthu akalapa za uchigawenga, fufuzani zomwe wolapayo waulula komanso amene wamukhululukira. Boma likakhululuka osafunsa anamfedwa, kumudzi amakamukana.

Povuta kwambiri ndi pa ana obedwa. Dominic Ongwen anagwidwa ndi LRA, gulu lankhondo loukira boma la Uganda, ali mwana, koma khoti la dziko lonse la ICC linamugamula kukhala m'ndende zaka 25 mu 2021. Polemba za munthu wotere, tchulani zomwe anamuchitira ndi zomwe iye anachitira ena.