Momwe mungakokere mbalame pakhomo panu m'nyengo yozizira

Mvula ikatha mu Epulo, Chipata imauma msanga. Pofika Juni ndi Julayi mphepo ya mwera imakhala ili pachimake, timitsinje totsika m'phiri la Kanjala taphwa, ndipo tchire la m'mbali mwa tauni lasanduka lupsa chifukwa cha osaka mbewa. Udzu wobereka njere zimene mpheta ndi njiwa zimadya umathera m'motomo, pamodzi ndi ziwala ndi mbozi. Ndiyo nyengo imene mbalame zimayandikira nyumba za anthu, ndipo kaya mumakhala ku Kapata, ku Kalongwezi kapena kumudzi cha ku Katete, mungathe kuzikoka ndi zinthu zomwe muli nazo kale pakhomo.

Yambani ndi madzi. Ngakhale mutapanda kuika chakudya chilichonse, madzi okha amabweretsa mitundu yambiri, chifukwa mbalame zodya tizilombo monga nthengu sizingabwerere mapira anu koma zimamwa ndi kusamba. Phale la mphika wosweka ndiye labwino kuposa zonse: silozama, m'kati mwake mokhakhala moti timiyendo sititerereka, komanso madzi satentha msanga masana. Mabeseni apulasitiki ndi oterera ndiponso ozama, tiana tambalame timamira. Madzi asapitirire masentimita 5 pakati pa phale, ndipo muikemo mwala umodzi wotulukira pamwamba kuti timba ndi njuchi zipeze potera. Muzitaya madziwo ndi kutsuka phale m'mawa uliwonse. Udzudzu umafuna pafupifupi sabata imodzi kapena ziwiri kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka, choncho madzi osinthidwa tsiku ndi tsiku sangakubweretsereni malungo. Madzi okhalitsa amafalitsanso matenda a kukhosi amene njiwa zimapatsirana pomwera pamodzi.

Phalelo ndi thabwa la chakudya muziike pamwamba, pofika m'chifuwa mwa munthu wamkulu, pa chitsa kapena pa mtengo wozika. Pakhale mtunda wa mamita awiri kapena atatu kuchokera pa mpanda wa maluwa kapena chitsamba: pafupi mokwanira kuti mbalame ithawireko ikaona mphamba, koma patali moti mphaka wobisala sangalumphe kamodzi n'kugwira. Ngati muli ndi khola la nkhuku, ikani zonsezi mbali ina ya nyumba. Nkhuku zimatha chakudya chonse, komanso sibwino kuti zizimwera pamodzi ndi njiwa zakutchire chifukwa cha chideru. Kukhoma thabwa sindikufotokoza, aliyense amadziwa.

Tsopano pa chakudya, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ndinaona zoopsa. Zimene zimayenda bwino kwathu kuno ndi mapira, mawere, mpendadzuwa, misere ya chimanga ndi nshawa zosinja. Zonsezi timalima tokha kuno kum'mawa, palibe chifukwa chogulira timapaketi todula ta m'mashopu akuluakulu tolembedwa kuti chakudya cha mbalame, m'kati mwake ndi mapira omwewo ndi mpendadzuwa womwewo. Gulani meda imodzi kapena ziwiri mu Meyi kapena Juni anthu atangokolola, chifukwa pofika Okutobala mtengo umakhala utakwera. Pamtondo kapena pachigayo mungapemphe misere yotsalira, nthawi zambiri amangokupatsani.

Chaka china ndinagula mapira kwa bambo wina amene ankagulitsa motchipa kuposa anzake onse, akunena kuti ndi a nkhuku. Patangopita masiku ochepa njiwa zinayamba kukhala pansi zitafutukula nthenga, osathawa ngakhale mwana aziyandikire, ndipo zina tinazipeza zitafa pansi pa mango. Nditapisa dzanja m'thumba muja linatuluka litayera mbuu, ndi fungo la mankhwala a anankafumbwe. Anali mapira a m'nkhokwe othiridwa mankhwala mopyola muyezo. Ife anthu timakonola, kupeta ndi kutsuka tisanadye, koma kambalame kolemera ngati bokosi la machesi kamameza njere ndi fumbi lake lomwe. Ndinakwirira thumba lonse m'dzenje lakuya, ndipo panapita nthawi yaitali njiwa zisanabwererenso.

Choncho musagule musanapise dzanja mpaka pansi pa thumba, chifukwa ogulitsa ena amaika zabwino pamwamba. Yang'anani dzanjalo, nunkhizani. Funsani mwachindunji kuti, “Bambo, munathira mankhwala?” Wogulitsa wachilungamo amayankha mosazengereza, koma akayamba kuzungulira pitani kwa wina. Njere zilizonse zopakidwa utoto wofiira, wobiriwira kapena wapinki ndi mbewu yobzala, yothiridwa poizoni. Zimapezeka zotsalira kuchokera m'dzinja, ena amazigulitsa motsika mtengo, ndipo kuzitsuka sikuzisandutsa chakudya.

Nshawa nazo zili ndi msampha wake, chuku. Amayi akasankha nshawa zogulitsa, zotsalira zofota, zakuda ndi zowawa zija zimaunjikidwa padera n'kugulitsidwa motchipa, ndipo munthu amaganiza kuti mbalame sizisankha. Chuku chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo mbalame zimagwa naye msanga kwambiri. Poizoniyu anadziwika mu 1960 pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi nshawa zochokera ku Brazil. Kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa. Chenjeraninso ndi nshawa zofewa m'mano, chifukwa pali ena amene amazithira madzi kuti zisavute kusenda kapena kuti zilemere pasikelo, ndipo chinyezicho ndiye chimaitana chuku. Ine ndimagula zomwe ndingathe kutendera ndiwo zanga, n'kuzisinja pang'ono mumtondo kuti timbalame tating'ono tisatsamwidwe. Zamchere ayi. Gaga wonunkha chinyontho ayinso.

Muziika pang'ono, dzanja limodzi kapena awiri m'mawa, zoti zithe dzuwa lisanalowe. Zogona usiku zimaitana makoswe, ndipo makoswe amaitana njoka. Nsima yotsala ndi buledi musazolowere, zimakoka akhwangwala amene amathamangitsa tina tonse, komanso zimasasa msanga.

Apumbwa amakonda zipatso. Dulani papaya wakupsa pakati, kapena nthochi zodetsedwa zija zimene amayi a pamsika amagulitsa motchipa madzulo, n'kubaya pa msomali. Kotapela musaike, muli poizoni amene amapha mitundu yambiri ya mbalame. Choso, kambalame konyezimira ka mlomo wautali wokhota, kamafuna timadzi ta m'maluwa. Sungunulani kapu imodzi ya shuga woyera m'makapu anayi a madzi owiritsa, aziziritseni, muthire m'kabotolo koboola pachivindikiro chofiira n'kukapachika mopendeka. Uchi ndi zakumwa zautoto musathiremo, ndipo muzisintha pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Njira yachidule ndi kubzala aloe m'mbali mwa mpanda, amachita maluwa m'miyezi yozizira yomweyi ndipo safuna kuthirira.

Zamoyo zina sizifuna zambiri. Siyani mulu wa masamba pakona imodzi m'malo mosesa ndi kutentha zonse, m'menemo mumabisala tizilombo todyedwa ndi abuluzi, achule ndi akanungu. Kaphale kena ka madzi kakhale pansi. Agologolo adzabwera okha kudzaba mpendadzuwa. Apusi musawapatse kanthu ngati muli pafupi ndi phiri, akazolowera amalowa m'khitchini ndipo mapeto ake anthu amawapha. Kadzidzi akalira padenga musamugende, akukuchepetserani makoswe.

Za ana a malegeni ndi ulimbo, kambiranani ndi makolo awo mwaulemu musanayambe, chifukwa kusonkhanitsa mbalame malo amodzi kumapeputsira ntchito wosaka. Chimene chinathandiza kwathu ndi kuwapatsa anawo udindo wosintha madzi ndi kope lolembamo mitundu imene aona. Mwana amene wawerenga mpheta zake safuna kuti mnzake azilase.

Nthawi yabwino yoonera ndi m'mamawa dzuwa likangotuluka, mbalame zikamaothera pa nthambi, ndi madzulo cha m'ma 16 koloko. Khalani phee pakhonde, musavale zowala. Masiku oyamba mwina simudzaona kanthu, pitirizani kusintha madzi. Anamzeze ochokera ku Ulaya musawayembekezere, amachoka cha mu Epulo n'kubwerera mu Okutobala. Mayina ambiri agogo amawadziwa kuposa mabuku, koma ngati muli ndi foni ya intaneti, pulogalamu yozindikirira mbalame ya Merlin Bird ID ndi yaulere ndipo imathandiza ndi zithunzi. Bungwe la BirdWatch Zambia, lomwe linayamba mu 1969, lili ndi tsamba pa Facebook. Dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame yoposa 750, ndipo ku paki ya nyama ya South Luangwa kokha, ulendo wa maola ochepa kudzera msewu wa Mfuwe, kuli yoposa 400.

Musaleke mu Ogasiti poti kwayamba kufunda. Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi ya ludzu lenileni, phale limauma pofika masana ndipo muyenera kuthira kawiri. Mvula ikagwa mu Novembala inswa zikatuluka, chepetsani njere pang'onopang'ono mpaka kusiya, chifukwa zikanyowa pathabwa zimachita chuku.