Kusankha wilitcheya ya batire kwa wodwala multiple sclerosis

Mwafunsa kuti muyambire pati popezera mayi anu wilitcheya ya batire, popeza multiple sclerosis (matenda a mitsempha ya mu ubongo ndi msana) yawafooketsa manja ndipo akulephera kupalasa yawamba.

Musathamangire kugula. Choyamba pitani nawo kwa dokotala wa fizo akawayeze msana, chiuno ndi mphamvu ya zala. Matendawa amawononga chikuto cha mitsempha, ndiye dzanja lomwe likugwira bwino lero likhoza kudzayamba kunjenjemera m'tsogolo. Sankhani yomwe joystick yake (kandodo koyendetsera wilitcheya ndi dzanja) ingasamutsidwe kumanja kapena kumanzere, kapenanso kulowedwa m'malo ndi yoyendetsa ndi chibwano.

Kenako mpando. Ukhale wotha kupendekeka chagada, wokhala ndi khushoni yoteteza ku zilonda zobwera chifukwa chokhalitsa pansi. Apa pokha musaumire ndalama, chilonda chotere chimachedwa kupola.

Yezani zitseko ndi tepi, makamaka cha kuchimbudzi, ndipo ngati pakhomo pali sitepe mangani potsetsereka.

Mayi akaiyesere masana, nthawi yomwe kutentha kumawonjezera kutopa kwawo, osati m'mamawa akadali ndi mphamvu.

Mawilitcheya ambiri otere amayendera mabatire awiri a 12V. Muziitchaja usiku wonse osadikira kuti moto utheretu, ndipo joystick isanyowe ndi mvula.