Momwe mungafikire ku Lilongwe kuchokera ku Kasungu ndi kuyendamo osasochera

Kondakitala akakufunsani kuti mutsikira pati, yankho loti "ku Lilongwe" silimuuza kanthu. Angokusiyani mpaka kumene galimoto ikathere, ku depoti. Anthu ambiri ochokera kuno ku Kasungu amataya m'mawa wonse chifukwa cha zimenezi: amadutsa pafupi ndi kumene akupita, kukafika mpaka ku depoti, kenaka n'kulipiranso minibasi ina yobwerera m'mbuyo.

Lilongwe ndi matauni awiri otalikirana. Kuli tauni yakale, Old Town, kumene kuli msika waukulu, mashopu a amwenye ndi depoti. Ndiye kuli City Centre ndi Capital Hill, zimene anachita kumanga patchire boma litaganiza zochotsa likulu ku Zomba. Likululo linasamuka mu 1975, mu ulamuliro wa Kamuzu Banda, mwana wakwathu konkuno. Ife timalowa mumzindawu kuchokera kumpoto, choncho timayamba kuyandikira City Centre tisanaione n'komwe Old Town. Ulendo wanu wonse muukonze mukudziwa zimenezi.

Musananyamuke, funsani dera ndi siteji

Madera a mu Lilongwe amadziwika ndi manambala, koma manambalawo satsatana monga mmene malo anakhalira. Area 23 ndi Area 24 zili kummwera chakum'mawa, kupitirira Kawale ndi Chilinde, pamene Area 25 ili kumpoto kwenikweni, pafupi ndi Kanengo. Area 43 inagundana ndi Area 10. Amene angatsike ku 25 poganiza kuti ku 24 ndi pompano, dzuwa limulowera ali panjira.

Nambala yokhanso siikwanira. Area 18 ili ndi A ndi B. Area 25 ili ndi A, B, C komanso masekita. Area 47 nayo ndi ya masekita, ndipo mu Area 49 muli Gulliver, Shire ndi Dubai. Amene mukukamuona akuuzeni dera, dzina la siteji yotsikira, ndi chinthu chodziwika chimene chili pafupi, kaya tchalitchi, chigayo kapena malo omwetsera mafuta. Zimenezi muzilembe papepala pamodzi ndi nambala yake ya foni. Foni imatha moto nthawi imene mukuifunitsitsa.

Tengani chiphaso cha unzika, chifukwa panjira pali marodibuloko, ndipo m'maofesi ndi kubanki amachifuna. Ngati mukupita ku Kamuzu Central Hospital, musaiwale buku la kuchipatala ndi kalata yokutumizani kuchokera kuchipatala cha boma cha kuno. Chimenechija ndi chipatala cholandira odwala otumizidwa, osati chongofikirapo ndi mutu. Ndalama zambiri zikhale pa Airtel Money kapena Mpamba. M'thumba mukhale zing'onozing'ono zolipirira galimoto, popeza nkhani ya chenje ndi imene imayambanitsa anthu ndi makondakitala.

Kusankha galimoto

Pa Kasungu mupeza mabasi akuluakulu ochokera ku Mzuzu ndi ku Karonga, maminibasi, ndi masiyenta. Siyenta siichedwa kudzaza ndipo imathamanga, koma amakupanikizani mpaka mwendo kuchita dzanzi, ndipo malo a katundu ndi ochepa. Minibasi imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Ine ndikakhala ndi thumba la ufa kapena mtedza wopita kwa abale, kapena ndikuyenda ndi munthu wachikulire, ndimadikira basi yaikulu, ngakhale nthawi yake imadalira mmene yanyamukira kumpotoko.

Anyamata oitanira akakuthamangirani, chikwama chisachoke m'manja mwanu. Akachinyamula n'kuchiika m'galimoto, ndiye kuti akusankhirani galimotoyo. Suzumirani mkati muone bwino okhalamo. Ena mwa iwo si apaulendo, amangokhalamo kuti galimoto ioneke ngati yatsala pang'ono kudzaza, ndipo inu mukalowa amatsika mmodzimmodzi. Muwadziwa chifukwa alibe katundu aliyense ndipo akucheza ndi dalaivala ngati anzake. Injini yolira komanso kusunthasuntha kwa galimoto si umboni woti mukunyamuka.

Funsani momveka, anthu ena akumva: "Galimotoyi ikafika ku Lilongwe, kapena ithera pa Mponela?" Mtengo wa ulendo umasintha mafuta akangokwera, choncho funsani mnzanu amene wakhala kale kuti wauzidwa zingati. Mtengo wa katundu mugwirizane asanamange chingwe. Ngati n'kotheka, lipirani galimoto itayamba kuyenda.

Mtunda ndi makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, ndipo muwerengere maola awiri kapena atatu malinga ndi galimoto. Ngati muli ndi zochita ku ofesi, m'ma 5 koloko m'mawa mukhale muli pa siteji. Mwezi wa June ndi July tengani juzi, mphepo yolowera pawindo siichita chibwana.

Panjira mudutsa Chinkhoma, pamene papatukira msewu wa ku Santhe ndi Mchinji, kenaka mlatho wa Bua, Madisi ndi Mponela. Pa Mponela galimoto zambiri zimaimako ndithu, ndipo mpamene mungagule kanyenya kapena chimanga chootcha cha pawindo. Mukadutsa mphambano ya ku Dowa n'kufika pa Lumbadzi, yambani kukhala tcheru.

Potsikira

Apa mpamene pagona ulendo wonse.

Ngati mukupita ku bwalo la ndege la Kamuzu International Airport, tsikirani pa mphambano yake mutangodutsa Lumbadzi. Bwaloli lili makilomita oposa 20 kumpoto kwa mzinda, ndiye kukafika m'tauni n'kungowononga ndalama. Kuchoka pa mphambanoyo kukafika pa bwalo penipeni pali kamtunda, mufunika kabaza kapena takisi.

Kanengo ndi dera la mafakitale. Muizindikira ndi nkhokwe zitalizitali za chimanga komanso malole ambirimbiri, makamaka nyengo yogulitsa fodya. Tsikirani pamenepa ngati mukupita ku okushoni, ku makampani a fodya, ku Area 25, kapena ngati mukufuna galimoto za ku Salima, popeza msewu wake wapatukira chakomweko. Patsogolo pang'ono pali Area 30, likulu la apolisi.

Kenaka mufika pa Area 18. Kale panali raundabauti imene inkatsekereza galimoto m'mawa ndi madzulo. Kuyambira 2020 pali msewu wodutsa pamwamba pa unzake. Galimoto siiima pamlathopo, choncho muuzeni kondakitala mukadali ku Area 30 kuti mutsika pa 18. Mukatsika, msewu wa kumanzere kwanu, mutayang'ana kumene galimoto yanu imalowera, ndi wa ku City Centre. Kumeneko n'kumene kuli Nyumba ya Malamulo imene anaitsegula mu 2010, manda a Kamuzu, malo a misonkhano ikuluikulu a BICC, Reserve Bank, maofesi a akazembe ambiri ndi Capital Hill. Msewu wa kumanja ukukafika ku Bingu National Stadium ndi ku Area 49. Tsiku la mpira, anzathu ambiri ochokera kuno amakathera ku depoti n'kumafunsa njira ya kusitediyamu, chonsecho anaidutsa kalekale.

Pa Capital Hill nyumba za maunduna zimaoneka zofanana ndipo n'zotalikirana. Musachite manyazi, funsani mlonda kapena mesenjala kuti unduna umene mukufuna uli nyumba iti komanso khomo lake ndi liti. Yesetsani kufika nthawi isanakwane 10 koloko. Ikakwana 12 anthu amapita kukadya, ndipo amene mumamufuna mwina akabweranso ali ndi msonkhano. Lachisanu masana si nthawi yoyambira nkhani ya penshoni kapena ya fayilo.

Zipatala ziwiri anthu amazisokoneza. Akati "ku Central" akunena Kamuzu Central Hospital, imene ili pakati pa matauni awiriwa, pa msewu wa Mzimba Street. Akati "ku Bottom" akunena chipatala cha Bwaila, chimene chili ku Old Town. Werengani bwino kalata yanu musanauze wakabaza kopita.

Ngati mukupita ku Gateway Mall, ku Area 9, Area 47 kapena mukufuna kulowera msewu wa ku Mchinji, funsani ngati galimoto idutsire pa Crossroads, chifukwa si zonse zimene zimadzera pamenepo. Amene ayenera kukafika mpaka ku depoti ndi okapikula katundu, opita ku Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde, Area 23, Area 24, Area 36, Likuni ndi Chinsapo, komanso opitirira ulendo wa ku Dedza, Ntcheu ndi Blantyre.

Ku depoti ndi kumsika

Depoti ili kutsidya kwa mtsinje wa Lilongwe, chakumsika waukulu, m'mbali mwa msewu wa Malangalanga. Mukangotsika, phokoso lake limasokoneza mutu: oitanira akukuwa mayina a madera, a mawilibala akuti "njira, njira", ogulitsa madzi ndi mayunitsi akukutsatani, njinga zamoto zikudutsa mokukhudzani chigongono. Musaime pakati n'kumayang'ana uku ndi uku. Yendani ngati mukudziwa kumene mukupita, mukaime pakhonde la shopu, ndipo pamenepo ndi pamene mutulutse foni. Chikwama chikhale kutsogolo. Pofunsa njira sankhani mayi wogulitsa amene wakhala pa malonda ake, osati munthu amene wakupezani yekha n'kuyamba kukutchulani achimwene kapena asisi. Nyengo ya fodya akuba amadziwa kuti wochokera ku Kasungu mwina wanyamula kenakake, choncho ndalama za fodya zisayende m'thumba la jekete.

Maminibasi a m'madera sakhala malo amodzi. A ku Area 25 ali ndi pawo, a ku Likuni pawo, a ku Kawale pawo, ndipo malowa amasunthasuntha. Tchulani dera ndi siteji, akulozerani.

Mtsinje unagawa Old Town pawiri. Mbali ya depoti kuli msika, mzikiti waukulu, mashopu a nsalu ndi zipangizo zomangira, ndi Bwalo la Njobvu. Mbali inayo, ku Area 3 ndi Area 4, kuli mabanki, positi ofesi ndi masitolo akuluakulu a pa Game. Pa mlatho waukulu pamadzaza anthu ndi galimoto tsiku lonse, ndipo ndi pamalo pena posamala matumba. Chakumunsi, pakati pa msika wa Tsoka ndi wa Lizulu, pali timilatho ta mitengo ndi matabwa timene anthu anakhoma okha. Pakhomo pa kamlatho kalikonse pamakhala mwini wake, mumamupatsa kandalama kochepa n'kuwoloka, matabwa akugwedera ndipo madzi akuoneka m'mipata. Ndi njira yachidule yochoka kogula kaunjika kupita kogula ndiwo zamasamba, koma mvula ikagwa kwambiri musayerekeze, mtsinje ukadzaza umatitenga timilathoti.

Lachisanu masana mashopu ambiri a amwenye amatseka kwa kanthawi eni ake akapita kumzikiti. Ngati mwabwera kudzapikula, gulani m'mawa.

Kuyenda mkati mwa mzinda

Minibasi ndiyo yotsika mtengo, koma pafupifupi njira zake zonse zimakathera m'tauni. Kuchoka dera lina kupita lina nthawi zambiri mumakwera kawiri. Pakati pa Old Town ndi City Centre pali msewu umene ambiri amaudziwa kuti Kenyatta, umene anaukulitsa, wodutsa m'mbali mwa nkhalango ya Lilongwe Wildlife Centre. Pamapu pamaoneka pafupi, koma ndi makilomita angapo, ndipo si njira yoyenda wapansi kukayamba kuda.

Kabaza wa njinga yamoto amathandiza mukachedwa kapena polowa m'makwalala momwe minibasi siifika. Mtengo mugwirizane musanakwere, mutchule malo enieni, ndipo mufunse helemeti. Akayamba kulowerera pakati pa galimoto mothamanga, mugwireni paphewa mumuuze kuti, "Achimwene, pang'onopang'ono, sindikuthamangira kulikonse." Ngozi za kabaza mu Lilongwe n'zambiri, ndipo ine sindingakwere njinga pa M1 pakati pa malole a ku Kanengo pamene minibasi ilipo. Bajaji, ija ya matayala atatu, ndi yabwinoko mukakhala awiri kapena muli ndi katundu. Usiku, amene mwafikira kwawo akuitanireni takisi ya munthu amene akumudziwa.

M'mawa kuyambira m'ma 7 koloko komanso madzulo anthu akamaweruka, misewu yolowa ndi kutuluka m'tauni imathina, makamaka pa mlatho wa Lilongwe. Mukapangana ndi munthu nthawi zimenezi, onjezeranipo ola lathunthu.

Pobwerera

Ngati mukubwerera tsiku lomwelo, ikamakwana 3 koloko masana mukhale muli m'galimoto. Ku depoti mumapeza mpando wabwino komanso malo a katundu, koma mumadikira kuti idzaze. Pa Area 18 kapena pa Kanengo mumakwera imene ili kale paulendo, koma mukhala pamene patsala. Wopanda katundu amene wamaliza zake ku Capital Hill asavutike kubwerera m'tauni, akadikire pa 18.

Madzulo ndi pamene okwera amagulitsidwa. Minibasi inalonjeza Kasungu, koma ikafika pa Mponela kapena pa Madisi anthu atachepa, dalaivala amati mulowe ina. Musatsike msanga. Kondakitala apereke ndalama zanu kwa kondakitala winayo inu mukuona, winayo avomere pakamwa kuti mwalipira mpaka pa Kasungu, ndipo katundu wanu mumuone akulowa m'galimoto yatsopanoyo musanakhale pansi. Masiku amene mafuta akusowa, galimoto zimachepa ndipo mtengo umakwera dzuwa likamapendeka. Mukaona mizere italiitali pa malo omwetsera mafuta pamene mukulowa mumzinda m'mawa, fupikitsani zochita zanu, kapena imbirani m'bale wanu nthawi ikadalipo kuti akusungireni pogona, mudzakwere yoyamba m'bandakucha.