Kuka ikamalemba zilembo pa sikirini koma osatentha: momwe mungafufuzire vuto la mabolodi

Makuka amakono, aja okhala ndi kasikirini kosonyeza nthawi ndi mabatani ongokhudza ndi chala, ali ndi matenda amene kuka yakale yopotokola ndi dzanja inalibe. Mukayatsa, kasikirini kamawala bwinobwino, koma m'malo mwa nthawi kamalemba chilembo ndi nambala, mwina n'kumalira, uvuni osatentha. Nthawi zina mabatani amangouma. Kuno kuchigwa cha Shire, kuyambira Chikwawa boma, Nchalo, Ngabu mpaka Bangula ndi Nsanje, amisiri odziwa makuka otere ndi ochepa, ndipo yankho limene ambiri amalandira mwachangu ndi lakuti bolodi, kathabwa ka tizida ta magetsi koyendetsa kukayo, yapsa, kagulani ina ku Blantyre. Bolodi ndi yodula, ndipo kawirikawiri imakhala ilibe mlandu. Musanatulutse ndalama, tsatani njira izi.

Mkati mwa kuka yotere kawirikawiri mumakhala mabolodi awiri. Yoyamba ili kuseri kwa mabatani, ndiyo imamva zimene mwadina. Yachiwiri ndi yamphamvu, ili ndi timaswichi totchedwa relay timene timatsegulira magetsi kupita ku mapuleti ndi ku uvuni. Awiriwa amalumikizidwa ndi timawaya ting'onoting'ono kapena riboni yophwatalala, ndipo amatumizirana uthenga nthawi zonse. Uthengawo ukaduka, kuka imasiya dala kutentha kuti isachite ngozi. Zili ngati anthu awiri akuyankhulana pa foni netiweki n'kuduka: onse ali moyo, chaduka ndi chapakati.

Choyamba, jambulani sikirini

Tengani foni mujambule zimene zalembedwa musanazimitse chilichonse. Jambulaninso kachikwangwani ka dzina ndi nambala ya modelo, kamene kamakhala kuseri kwa kuka kapena m'mphepete mukatsegula chitseko cha uvuni. Kampani iliyonse ili ndi zilembo zake, choncho musatengere tanthauzo la kuka ya aneba. Onani m'kabuku kamene kanabwera ndi kukayo, kapena fufuzani pa intaneti ndi nambala ya modelo.

Chachiwiri, ipumitseni

Zimitsani swichi yaikulu ya pakhoma ndi bureka ya kuka, swichi ija imagwa yokha magetsi akavuta, pa bokosi la magetsi, mudikire mphindi 10, kenako muyatse. Ngati uthenga unangosokonekera magetsi atagwedezeka, apa vuto limatha. Likabweranso, kumbukirani nthawi yake: labwera pompo, kapena uvuni itayamba yatentha? Mmisiri adzakufunsani zimenezi.

Chachitatu, magetsi enieniwo ali bwanji?

Magetsi a m'nyumba m'Malawi muno amayenera kukhala pafupi ndi 230 volts. Mapuleti sasamala kwenikweni mphamvu ikatsika, amangochedwa kutentha, koma bolodi imasokonezeka msanga. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, momwe magetsi ankazimirazimira kwa miyezi yambiri. Kuzima ndi kuyaka kotero, makamaka kamphindi kamene magetsi akubwera, ndi kumene kumafooketsa zida za pa bolodi pang'onopang'ono. Ziphaliwali za nyengo ya mvula nazo zimachita chimodzimodzi.

Yang'anani mababu. Ngati akuwala mofooka kapena akuphethira mukayatsa ketulo, vuto lili m'nyumba kapena pa laini, osati mu kuka. Funsani aneba. Akakhala kuti nawonso akuona zomwezo, kanenani ku ESCOM. Likakhala vuto la m'nyumba mwanu mokha, itanani wa zamagetsi amene ali ndi chiphaso adzayeze ndi mita yake yoyezera ma volts, ndipo mumuuze aone ngati nyutirale, waya wobwezera magetsi, siyinakhwepe pa bokosi, pa swichi ya pakhoma, ndi pamene waya wamkulu walowera kuseri kwa kuka. Pamalo atatuwa sikuluwu yokhwepa imatenthetsa waya mpaka pulasitiki kuda, ndipo fungo lake mumalimva musanaone n'komwe. Kuyeza magetsi ali oyaka musachite nokha ngati simunaphunzire.

Chachinayi, tsegulani muone riboni

Apa ndi pamene mavuto ambiri amapezeka, ndiye tichedwepo. Koma ngati kuka ikadali pa galanti, lekezani pomwepa mubwerere kumene munagula, chifukwa mukatsegula mukhoza kuluza galantiyo.

Zimitsani bureka, osangodalira swichi ya pakhoma, ndipo uzani onse a m'nyumba kuti asaigwire. Onetsetsani kuti sikirini yazimiratu, ndipo kuka ikhale itazizira. Dikirani mphindi zingapo, chifukwa pa bolodi pali timigolo totchedwa capacitor timene timasunga magetsi kwa kanthawi ngakhale mwazimitsa. Valani nsapato, manja akhale ouma. Kokani kuka pang'ono, masulani chitsulo cha kuseri, masikuluwu muike m'kapu kuti asatayike. Musanazule waya ngakhale mmodzi, jambulani zonse, pafupi ndi patali.

Tsopano tsatani timawaya tochoka pa bolodi ya mabatani kupita ku inzake. Unikani ndi tochi. Chimene mukufuna ndi pulagi yotuluka mbali imodzi, waya wotsinidwa ndi chitsulo, kapena wokhudza khoma la uvuni mpaka kusungunuka. Yang'aninso zizindikiro za alendo. Malo a bolodi ndi ofunda, amdima, ndipo ali pafupi ndi chakudya, choncho mphemvu zimakonda kuswerana pomwepo. Ndowe zake, timadontho takuda tija, zikasakanikirana ndi mafuta ophikira ndi chinyezi zimapanga kanjira ka magetsi pakati pa timiyendo toyandikana. Makoswe amatafuna timawaya, ndipo buluzi akhoza kufera pa bolodi atagunda mbali ziwiri.

Riboni imafuna dzanja lofatsa. Zambiri zimagwidwa ndi kachotsekera ka pulasitiki kamene mumayamba mwakatukula ndi chikhadabo kapena kukakokera kunja pang'ono, kenako riboni imatuluka yokha osalimbana nayo. Mukaikoka kachotsekera kali kotseka, mung'amba timizere take, ndiye mwadzipangira vuto lina. Pamapeto pake pali timano tonyezimira. Tikakhala tobiriwira kapena todera, ndi dzimbiri limenelo. Pukutani ndi kathonje konyowetsa ndi isopropyl alcohol kapena mupopere contact cleaner, mankhwala otsukira zida za magetsi amene amauma msanga, ndipo fumbi la pa bolodi muchotse ndi kaburashi kouma kofewa. Madzi, sopo, parafini ndi sanipepa musayerekeze. Mankhwala ophera mphemvu nawo musapopere pa bolodi.

Pakauma, bwezerani riboni mowongoka mpaka ifike, tsekani kachotsekera, ndipo mapulagi ena onse muwakankhe limodzilimodzi mpaka mumve kuti akhala. Yerekezani ndi zithunzi zanu zija. Bwezerani chitsulo cha kuseri musanayatse, ndipo waya wa ethi, wobiriwira ndi chikasu, ngati unamangidwa pa chitsulocho mumange monga unalili. Wayayo ndi amene amakutetezani kuti magetsi asakugwireni tsiku limene china chalakwika mkati.

Chachisanu, kutentha

Ngati vuto limabwera uvuni ikagwira ntchito kwa kanthawi, n'kutha ikazizira, ganizirani kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala chigwa chino chimapitirira 40°C, ndipo m'khitchini ya malata opanda siling'i mumaposa pamenepo. Makuka ambiri otere ali ndi kafani koziziritsa mabolodi. Tcherani khutu ngati kakuzungulira, onaninso ngati timabowo totulukira mpweya sitinatsekeke ndi fumbi, nsalu kapena khoma. Siyani mpata umene kabuku kanena. Amayi ophika masikono ndi zigumu zogulitsa, amene uvuni yawo imayaka maola ambiri, ndi bwino aziphika m'mamawa kusanatenthe.

Chachisanu n'chimodzi, bolodi yeniyeniyo

Zonsezi zikakanika, ndiye tiyang'ane bolodi. Capacitor yabwino imakhala yosalala pamwamba, yoonongeka imatupa kapena kutulutsa zinthu zofiirira. Onani ngati pali malo akuda opserera, kapena mtovu wosweka mozungulira timiyendo ta relay ndi mapulagi. Kawirikawiri bolodi yamphamvu ndiyo imapanga magetsi ochepa, monga 5 kapena 12 volts, amene inzake imadalira. Magetsi amenewa akafooka, sikirini imadandaula ngati yalakwa ndi iyo, pamene gwero lili kwina. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti mmisiri ayambe wayeza asananene bolodi yoti mugule. Wongoyang'ana n'kutchula mtengo, mufunseni mwaulemu kuti wapeza ma volts angati.

Si bolodi iliyonse yoonongeka imene ili yotaya. Mmisiri waluso wokonza ma TV ndi mawailesi amatha kusintha capacitor kapena kuwotcherera mtovu wosweka pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi bolodi yatsopano. Ikapsa mpaka kubooka, gulani ina, koma nambala yolembedwa pa bolodi yakaleyo ifanane ndendende ndi yatsopano. Itengeni yakaleyo popita ku shopu.

Kuka imene inalowa madzi osefukira, monga zinachitikira nyumba zambiri nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, ndi nkhani ina. Musaiyatse kuti muyese, ngakhale kunja ikuoneka youma. Matope amatsalira m'maswichi ndi m'thonje lotchinga kutentha, ndiye ionedwe kaye yonse ndi wodziwa.

Vuto likatha, zolowerani kuzimitsa swichi ya pakhoma magetsi akangozima, ndipo akabwera muzidikira mphindi zingapo musanayatse. Kachipangizo koteteza furiji kaja kolowetsa pa soketi musakayese pa kuka, chifukwa mapulagi athu amalekeza pa 13 amps pamene kuka yonse imakoka kuposa apo. Funsani wa zamagetsi akuikireni choteteza cholingana ndi bureka ya kuka yanu, chimene chimadula magetsi akakwera kapena akatsika kwambiri, n'kudikira kaye chisanawabwezere.