Fizikisi m'kalasi ya ana osiyana nzeru

Aphunzitsi, mwafunsa kuti Ohm's law, lamulo la magetsi lofotokoza mgwirizano wa voltage, current ndi resistance, muiphunzitse bwanji poti ena amagwira msanga pomwe ena masamu akuwavutabe. Ine ndimapanga chonchi.

Choyamba fomula isungeni kaye. Bweretsani mabatire a tochi, timababu ndi mawaya, mumsika wa Lilongwe zimapezeka, alumikize okha aone mmene babu ikuwalira akawonjezera batire lachiwiri.

Kenako agaweni m'magulu a anayi kapena asanu mosakaniza, koma aliyense akhale ndi ntchito yake, wina kulumikiza, wina kuwerenga ammeter (kachipangizo koyezera current), wina kulemba, apo bii wanzeru uja apanga zonse yekha enawo n'kumangoonerera, ndipo muonetsetse atsikana nawonso agwire zida, nthawi zambiri amakankhidwira pa kulemba basi.

Mukatero ndiye lembani V = IR pa bolodi (V ndi voltage, I ndi current, R ndi resistance). Ovutika apatseni manambala osavuta, 6 V ndi 2 A apeze 3 ohms. Othamanga apatseni ma resistor (tizipangizo tochepetsa current) awiri mu parallel, kutanthauza aliyense pa njira yakeyake ya magetsi, ndi mafunso akale a MANEB.

Pakavuta fotokozani m'Chichewa, koma mayankho azilemba m'Chingerezi poti MSCE imabwera choncho. Mphindi 5 zomaliza za phunziro apatseni funso limodzi pa kapepala, mudziwiretu oti mudzawabwerezere mawa.