Kupita ndi ana ku Joni kwa abale: mmene ife tinayendera

Achimwene anga akhala ku Joni zaka 16, ndipo chaka ndi chaka nyimbo inali yomweyo: "Chemwali, tabwerani ndi ana adzaone kuno." Mu Ogasiti, masukulu atatsekera, tinapitadi anthu anayi: ine, bambo a kunyumba, mnyamata wathu wa zaka 12 ndi kamtsikana kathu ka zaka 7. Tinakhalako masiku 10. Chibwerereni azimayi anzanga a kumpingo akhala akundifunsa mmodzimmodzi kuti tinayenda bwanji, ndiye ndati ndingolemba kamodzi.

Musanagule tikiti, muimbireni m'bale wanuyo, mumufunse mafunso amene timachita nawo manyazi. Nyumbayo ili ndi zipinda zingati? Mumagonamo angati? Kuntchito mumapuma tsiku liti? Mwini nyumba amalola alendo? Zithunzi za pa WhatsApp sizinena zimenezi. Achimwene amakhala ku Rosettenville, kummwera kwa tauni, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndipo amalowa ntchito Lolemba mpaka Loweruka. Alamu amapuma Lachinayi ndi Lamulungu basi. Nditamva zimenezi ndinadula ulendo wa masabata atatu n'kukhala wa masiku 10, ndinadziwiratunso kuti mkati mwa sabata tiziyenda tokha. Anthu aja anapitira ntchito kumeneko. Akajomba tsiku limodzi kuti akakuonetseni mikango, ndalama ya tsikulo yapita, mwina ndi ntchito yomwe.

Zikalata zisakusowetseni tulo, koma ziyambeni msanga. Aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake, ngakhale khanda. Mmalawi amalowa m'dziko la South Africa popanda viza kwa masiku osapitirira 30, koma akakudindirani muone ndi maso anu tsiku limene alemba, chifukwa lomwe lalembedwalo ndiye lamulo. Mukapitiriza masiku, amakuletsani kulowanso m'dzikomo: chaka chimodzi ngati mwapitiriza masiku ochepa, zaka 5 ngati mwapyola masiku 30. Werenganinso masamba osadinda. Pa basi mumadutsa Mozambique ndi Zimbabwe, ndiye ndi zidindo 6 popita, 6 pobwera. Za ana, tengani ziphaso zawo zakubadwa zochokera ku NRB, ndipo ngati kholo limodzi latsala, lilembe kalata yololeza mwana kutuluka, isayinidwe pamaso pa woweruza kapena loya, muphatikizepo kope ya chiphaso chake. Mwina sakufunsani n'komwe. Koma kukafunsidwa muli pa Beitbridge usiku, Blantyre ili kutali.

Randi ifunefuneni sabata zingapo ulendo usanafike. Mukudziwa nokha mmene ndalama zakunja zimasowera m'mabanki mwathu; pitani ndi pasipoti ndi tikiti, osadikira dzulo lake. Ndalamazo tinagawana pawiri, ina kwa ine ina kwa bambo a kunyumba, palibe amene anasunga zonse thumba limodzi.

Ndege ya kuchoka ku Chileka kapena ku Lilongwe imafika pa OR Tambo m'maola awiri ndi pang'ono. Ngati thumba likulola, kwerani imeneyo, ana sangavutike. Ife anthu anayi sitikanakwanitsa, tinakwera basi. Msewu wake ndi wa makilomita pafupifupi 1,700: Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Masvingo, Beitbridge, kuwoloka Limpopo, Musina, Polokwane, Pretoria, kenako Johannesburg. Muwerengere tsiku limodzi ndi theka, nthawi zina kupitirira. Oyambira ku Lilongwe ambiri amatulukira pa Dedza. Konzani kamba wa panjira wosasasa msanga: nkhuku yokazinga youma bwino, mbatata yowotcha, mtedza, mandasi, madzi ambiri. Tengani bulangete laling'ono, pepala la kuchimbudzi ndi timakobidi ta randi tolipira zimbudzi za m'njira. Pa chipata chilichonse mumatsika nonse n'kukhala pa mzere, ana agone asagone. Pa Beitbridge ndi pamene pamafunika mtima wa nkhono, katundu amatha kutsitsidwa yense kuti aonedwe. Lowezani mtundu wa basi yanu ndi nambala yake, chifukwa usiku mabasi onse amafanana.

Pali nkhani ina ya katundu wa eni ake. Anthu akangomva kuti mukupita ku Joni, pakhomo panu pamasanduka positi ofesi. Uyu kathumba ka mpunga wa Kilombero ka mwana wake, uyo usipa, wina mankhwala azitsamba omanga m'nyuzipepala. Ine ndinaika lamulo loti phukusi lililonse litsegulidwe pamaso pa mwini wake, ndipo mwini katundu wa ku Joniyo adzabwere yekha kudzatenga. Ena anakhumudwa, koma pa chipata wofunsidwa ndi amene wanyamula. Dziwaninso kuti nyama, nsomba, mbewu ndi zomera zili ndi malamulo ake polowa nazo m'dziko la eni, ndiye akakufunsani nenani zomwe mwatenga, ndipo zimene simungapirire zitalandidwa zisiyeni kunyumba. Zimene alamu anazilandira ndi nthungululu ndi tiyi wa Chombe, tsabola wa Nali ndi zitenje ziwiri.

Mabasi ambiri amathera pa Park Station kapena m'misewu yoyandikana nayo. Funsani kampani yanu malo enieni amene basi imaima, mumuuziretu wodzakuchingamirani. Mukatsika, ana agwireni dzanja, foni ikhale m'thumba, ndipo wobwera ndi chifundo chofuna kukunyamulirani chikwama mum'kane mwaulemu. Nambala ya m'bale wanu ndi adiresi yake zilembeni papepala, mwana aliyense akhale ndi kake m'thumba. Wotchi musasinthe, nthawi ndi imodzimodzi ndi ya kwathu. Chimene chimasiyana ndi soketi: kumeneko mabowo ake ndi obulungira, pulagi yathu ya mano atatu amakona salowa, ndiye gulani adaputala tsiku loyamba. Simu ya komweko imafuna kulembetsa ndi pasipoti komanso adiresi ya kumene mukukhala.

Kuzizira musakuderere. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kupyola Blantyre kutali, ndipo mu Juni, Julaye ndi Ogasiti m'mawa kumachita kuluma. Ife tinanyamula majuzi a chiperoni, sanathandize, tinakagula majekete tsiku lachiwiri. Milomo ya ana inang'ambika ndi mphepo youma ija, Vaseline asatsale.

Tsopano za m'nyumba ya abale, zomwe kwa ine ndiye phata la ulendo wonse. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma mame a anthu anayi kwa masiku 10 amanyowetsa ndithu. M'mawa wa tsiku loyamba tinapita ndi alamu ku sitolo, tinagula ufa, mafuta, nkhuku, mazira, shuga ndi sopo za sabata yonse. Achimwene anakalipa kuti tikuwanyoza, ine ndinangoti, "Achimwene, anawa amadya ngati dzombe, musiyeni mlamu wanu agule." Mayunitsi a magetsi tinagulanso ife kawiri, chifukwa kutenthetsa madzi osamba a anthu owonjezera m'nyengo yozizira kumadya magetsi koopsa. Musafunse kuti "tigule?" poti Mmalawi aliyense ayankha kuti ayi. Ingogulani. Kubafa tinkalowa eni nyumba atapita kuntchito, ndipo pobwera madzulo ankapeza nsima ili pamoto. Ana tinawauziratu kuti pabwalo ndi pa eni nyumba yaikulu, phokoso ndi mpira ayi.

Poyenda mumzinda, ma Uber ndi Bolt ndi amene anatipepukira, popeza anthu anayi mumadzaza galimoto imodzi. Maminibasi, amene kumeneko amati taxi, ndi otchipa koma ali ndi chinenero chawo cha zala: kuloza chala m'mwamba ndiye kuti mukupita m'tauni. Ndalama imayenda kuchokera kumbuyo mzere ndi mzere, ndipo wokhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala ndiye amawerengera ndi kubweza chenji, kondakitala kulibe. Bambo a kunyumba anakhalapo pampando umenewo osadziwa, thukuta linatuluka kukuzizira. Tsiku loyamba kwerani ndi m'bale wanu kuti akuonetseni. Sitima ya Gautrain ikwereni ngakhale kamodzi chifukwa cha ana, imachoka pa Park kudzera Rosebank ndi Sandton mpaka Pretoria. Mkati mwake saloleza kudya, kumwa ngakhale kutafuna chingamu. Mapasipoti tinkayenda nawo m'kachikwama ka m'kati mwa malaya, makope ake tinasiya kunyumba, ndipo dzuwa likamalowa tinkakhala tabwerera.

Malo okaona asankheni ochepa, amodzi patsiku, ndipo muone kaye pa intaneti masiku amene amatsegula chifukwa ambiri amapuma kumayambiriro a sabata. Ife tinayamba ndi Gold Reef City, poti ili kufupi ndi kwa achimwene. Ana amapitira majowajowa ndi tisitima tothamanga mozondoka, koma malowa anamangidwa pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines, ndipo amatsitsa alendo pansi atavala zipewa zolimba ndi nyali. Apa ine ndinakhala chete. Agogo anga aamuna anapita ku Theba, kukagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, ali mnyamata, monga anachitira amuna ambirimbiri a kwathu, ndipo ankatisimbira za chikepe chotsika mumdima ife n'kumaseka ngati nthano. Mzinda wonsewu unabadwa chifukwa cha golide amene anapezeka mu 1886, ndipo ena mwa manja amene anamukumba anali a ku Nyasaland. Ndinawafotokozera ana za ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, imene inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 akubwerera kumudzi, zimene zinachititsa Kamuzu kuimitsa kulemba anthu a kumigodi. Mnyamata wanga, amene kusukulu mbiri yakale amaiona ngati chilango, anafunsa mafunso njira yonse yobwerera. Ngati m'banja mwanu munali wa ku Theba kapena mtchona amene sanabwerere, afunseni akuluakulu nkhani yake musananyamuke, mudzaione ndi maso ena migodi imeneyi.

Pafupi pomwepo pali Apartheid Museum, imene inatsegulidwa mu 2001. Tikiti yake imakusankhirani mwamwayi kuti ndinu mzungu kapena ayi, ndipo mumalowera pa zipata zosiyana monga zinkakhalira nthawi ya tsankho. Muli zithunzi ndi makanema owawa, eni ake salimbikitsa kulowa ndi ana aang'ono, choncho ndinalowa ndi mnyamata yekha, bambo ake anatsala ndi kamtsikana. Patulani maola atatu. Musaphatikize tsiku limodzi ndi majowajowa, mtima sungasinthe msanga chotero.

Ku Soweto tinapita Lachinayi ndi alamu. Pa msewu wa Vilakazi ku Orlando West pali nyumba nambala 8115 imene ankakhala Nelson Mandela, kanyumba ka njerwa zofiira kochepa kuposa nyumba zambiri za ku Chilomoni, ndipo pamsewu womwewo pali nyumba ya Desmond Tutu, onse awiri olandira mphoto ya Nobel. Kuyenda pang'ono wapansi mufika pa chikumbutso cha Hector Pieterson, mwana wasukulu amene anawomberedwa pa 16 Juni 1976 ophunzira akukana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans. Pobwerera tinadzera pa bwalo la FNB lija looneka ngati chipanda, pomwe panaseweredwa ndime yomaliza ya World Cup ya 2010. Bambo a kunyumba anajambulitsa zithunzi zochuluka pamenepo kuposa ulendo wonse.

Kumalo osungira nyama a Johannesburg Zoo kamtsikana kanakondwa kwambiri, pomwe Sandton ndi masitolo odula ndi chiboliboli chachikulu cha Mandela, ola limodzi lakwana. Ku Pretoria, pa Union Buildings, kapinga ndi maluwa ake mumayendamo ulere, ndipo chiboliboli cha pamenepo ndi cha mamita 9, manja atatambasula.

Abale ena akamva kuti mwabwera, aliyense afuna mukagone kwake, wina ku Tembisa, wina ku Diepsloot, wina ku Cosmo City. Malo amenewa ndi otalikirana, mukati muwayendere onse ndalama ndi masiku zithera pamsewu. Ife tinawaitanira onse pamodzi Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, pa Zoo Lake pomwe salipiritsa polowa. Aliyense anabwera ndi mphika wake, tinayala zitenje pa kapinga, mauthenga a kumudzi ndinapereka onse tsiku limenelo, maphukusi aja ananyamulidwanso pomwepo. Okhawo amene tinawapitira kunyumba ndi azakhali a bambo a kunyumba, chifukwa munthu wamkulu saitanidwa ku paki.

Kugula zinthu kusiyeni masiku awiri omaliza, apo ayi ndalama ya malo okaona ithera m'mabulangete. Oriental Plaza ku Fordsburg kuli nsalu, makatani ndi ziwiya, Dragon City kuli zovala ndi nsapato za ana. Funsiranitu kulemera kwa katundu amene basi imalola, ndipo malisiti onse asungeni m'envelopu imodzi kuti pa Mwanza a MRA akafunsa musachite chibwibwi. Musaiwale kusiya randi pang'ono ya chakudya cha panjira ndi makwacha a minibasi yokafikira kunyumba. Ife tinatsala ndi R60 yokha pofika pa Musina, inathera mabanzi ndi madzi, ndipo kuchoka pa Tete mpaka Blantyre ana anadya mtedza umene unatsala popita.