Momwe mungakololere madzi a mvula padenga la nyumba yanu

Mvula ikamagwa kuno ku Lilongwe, kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo, tadzaimani pakhonde muone madzi amene amatsika pamalata anu. Onsewo amangothamangira mu ngalande nkumakumba msewu, kenako ikafika Okutobala ndife tomwe tili pamzere pa kiyosiki ndi zigubu. Ine ndimakhala ku Area 36, chino ndi chaka chachitatu ndikukolola madzi apadenga, nde poti anthu akhala akundifunsa pa WhatsApp ndati ndingolemba kamodzi.

Madzi amene timalandira kuchokera ku Lilongwe Water Board ndi a mu mtsinje wa Lilongwe, amasungidwa ku Kamuzu Dam 1 ndi 2 ku Malingunde, ndipo mtsinjewo umachokera mu nkhalango ya Dzalanyama, komwe kuja kumachokeranso makala ambiri amene tikuphikira mtauni muno. Mitengo ikutha, anthu mu mzinda tikuchulukirachulukira, koma madzi oti athiridwa mankhwala, apopedwa ndi magetsi, ife nkumakolopera pansi ndi kuthira mutoyileti. Zimenezi zimandiwawa zedi.

Poyamba yezani denga lanu. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi imakupatsani lita imodzi. Nde ngati denga ndi la mamita 10 mulitali ndi 6 mulifupi, mvula ya mamilimita 10 yokha, yomwe ndi mvula wamba ya masana amodzi, ndi malita 600, migolo itatu ya 200. Ena amatayika inde, komabe muona kuti chimene chidzakuchepereni ndi posungira.

Kenako magata, tingalande tija tolandira madzi mmphepete mwa denga. Simukuyenera kuzunguliza nyumba yonse ayi, ine ndinaika mbali yakuseri yokha ndipo imakwanira. Ku Malangalanga alipo apulasitiki, alipo achitsulo, kapena anyamata osula ndowa aja atha kukupindirani a malata osalala motchipirapo. Gata lipendekeke pang'ono kulowera komwe kuli paipi yotsikira, mukaliika chathyathyathya madzi amatsalira nkumachita dzimbiri. Mitengo sindilemba, chigwereni kwacha mu Novembala 2023 mtengo wa lero si wa sabata yamawa, ingofunsani mashopu atatu musanatulutse ndalama. Ndipo paipi muziifinya ndi dzanja, pali ena amagulitsa zopyapyala ngati pepala pa mtengo wa zolimba, dzuwa la miyezi iwiri zang'aluka.

Chosungira mutha kuyamba ndi migolo yabuluu ija. Koma samalani abale anga, wogulitsa aliyense amati "munali mafuta ophikira bwana". Tsegulani mununkhize nokha. Ine wina anandigulitsa mgolo, ndinautsuka kanayi ndi sopo koma fungo la mankhwala osachoka, pano ndimasungiramo zinyalala. Ngati thumba likulola gulani thanki yatsopano, yakuda kapena yobiriwira, yoti kuwala kusalowe, apo ayi mumera ndere.

Tsopano pokhazika thanki, apa ndi pamene ine ndinalira, nde werengani modekha. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi. Thanki yanga inali ya malita 2000, kutanthauza matani awiri ikadzaza, kufanana ndi matumba 40 a simenti kuwaunjika pa kamalo kamodzi. Ine zimenezi sindinaziganizire chifukwa thanki ikakhala yopanda kanthu anthu awiri amainyamula bwinobwino. Ndinangosanja njerwa mizere isanu, zomangira dothi, pamwamba nkuyala matabwa atatu, pansi osakumba nkomwe. Disembala yense inakhala bwino. Mu Januwale inagwa mvula ya masiku atatu osakata, thanki inadzaza nkuyamba kusefukira, ndipo madzi osefukirawo amagwera pa phazi pomwe pa njerwa zija. Dothi linafewa, mbali imodzi inayamba kutitimira. Mayi akunyumba anandiuza madzulo kuti bambo thanki ija ikuoneka yopendama, ine ndinati tiona mmawa. Cha mma 2 koloko usiku tinangomva chiphokoso, kutuluka panja thanki ili pansi yang'ambika, madzi agwetsa mpanda wa aneba nkulowa mu khitchini yawo. Masana ake isanagwe ana anga amasewera pamalo omwewo, mpaka lero ndikakumbukira mtima umagunda. Ndalama ya thanki inapita, mpanda ndinamanganso ndine.

Nde chitani chonchi. Kumbani muchotse dothi lapamwamba lonse mpaka mufike polimba. Thirani miyala kapena zidutswa za njerwa, sinjani mpaka zilimbe. Mangani ndi njerwa zootcha ndi simenti, osati dothi, mkatimo mudzaze nkusinjanso, pamwamba muthire konkire yokhuthala masentimita 10 kapena 15, muyezo wake simenti 1, mchenga 2, kwale 4. Mmisiri aikepo levulo inu mukuona, asakuuzeni kuti diso lake ndi lokwanira. Silabuyo ikhale yotambalala kuposa thanki, ndipo pansi ponse pa thanki pakhale pogunda, chifukwa pulasitiki ikatsamira pa matabwa okhala ndi mipata imafutukira mmipatamo mpaka kuboola. Kutalika kwake kungokwana kuti ndowa ilowe pansi pa mpopi, theka la mita basi, mukakweza kwambiri mukuonjezera ngozi. Thirirani konkireyo madzi sabata yathunthu musanakhazikepo kanthu, ndikudziwa mvula imakhala ikukupanikizani koma dikirani. Ndipo chimene chinandigwetsera ine chija, paipi yosefukira, ikhalepo kumtunda kwa thanki ndipo izikatayira kutali, mamita atatu kapena kuposa. Yanga pano imakathira pa dzenje la nthochi.

Kulumikiza mapaipi sikuvuta, pulambala aliyense atha, ine ndinapanga ndekha ndi guluu. Chachikulu mvula yoyamba, chizimalupsa chija ndi ina yotsatira, musailowetse mu thanki. Padenga pamakhala fumbi la chilimwe chonse, zitosi za mbalame, masamba. Ingochotsani paipi itayikire pansi, denga likayera mubwezere. Polowera madzi mangani kachidutswa ka neti, osang'amba yogonamo ana, ndipo chivindikiro chizikhala chotseka nthawi zonse kuopa udzudzu.

Madziwa ife timachapira, kukolopera, kuthira mutoyileti ndi kuthirira mpiru ndi tomato kuseri. Akumwa timatunga pampopi. Mukafuna kumwa apadengawa wiritsani kapena thirani kolorini, kolera ya 2022 mpaka 2023 ija tonse tinaiona mmene inavutira mu mzinda muno. Thanki muzitsuka kamodzi pachaka cha mu Okutobala ikauma, magata muzichotsa masamba. Amene muli pa lendi kambani kaye ndi alandilodi musanakhome chilichonse, akakana ingoikani mgolo pakona pomwe malata amakumana, pamenepo pamatsika madzi ambiri ngakhale popanda gata.